Sense8: Anthu 8 Obwerekana Matupi, ndi Chimene Chinapha Sewero Lawo

Mumzinda wa Nairobi muli dalaivala wa minibasi, zija kumeneko amati matatu, dzina lake Capheus. Tsiku lina achifwamba aimitsa galimoto yake, alanda anthu ndalama ndi katundu, n'kutenganso mankhwala a mayi ake omwe akudwala Edzi. Capheus si munthu wa ndewu. Ndi wansangala, woseka ndi aliyense, ndipo nkhonya amangoziona m'mafilimu a Jean-Claude Van Damme, moti minibasi yake anaitcha Van Damn. Komabe mankhwalawo ndi moyo wa mayi ake, choncho awalondola achifwambawo. Am'gwira, ayamba kumuswa. Nthawi yomweyo ku Seoul, mkazi wina wotchedwa Sun Bak ali m'bwalo la nkhonya, akusinthana zibakera ndi mwamuna. Kuphethira kamodzi, Sun wapezeka ataima pafumbi la ku Nairobi. Anthu amene ali pamalopo akuona Capheus akugwetsa zigawenga mmodzimmodzi. Ife amene tili pa kanema tikuona kuti womenyayo ndi Sun. Capheus sanaphunzire nkhonya pakamphindi kameneko ayi. Wangobwereketsa thupi lake kwa munthu amene sanakumanepo naye, amene sadziwa ngakhale dzina lake.

Zimenezi zili m'gawo lachitatu la Sense8, sewero la pa Netflix lomwe linatuluka pa 5 June 2015. Analilemba ndi Lana ndi Lilly Wachowski, apachibale amene anatchuka ndi filimu ya The Matrix mu 1999, pamodzi ndi J. Michael Straczynski, mlembi wa sewero lina la pa kanema lotchedwa Babylon 5. Lonse lili ndi zigawo 24, ndipo lomaliza linatuluka pa 8 June 2018. Dzina lake ndi nthabwala ya mawu a Chingerezi: likawerengedwa limamveka ngati sensate, kutanthauza chamoyo chimene chimamva, ndipo nambala 8 ili pamenepo chifukwa eni nkhani alipo 8. Amene simunalionere dziwani kuti pansipa ndiulula zina za m'katimo. Palibe njira yofotokozera mmene chinthuchi chimayendera popanda kutsegula mphika.

Ambiri akamva kuti ndi sewero la telepathy amaganiza za munthu wowerenga maganizo a anzake, woti akangokuyang'ana wadziwa kale chinsinsi chako. Mawu amenewa anawapeka ndi Frederic Myers mu 1882, chaka chomwe bungwe la Society for Psychical Research linakhazikitsidwa ku London, ndipo anawatenga ku Chigiriki: tele ndi kutali, pathos ndi kumva mumtima kapena m'thupi. Tanthauzo lake loyamba ndiye linali kumva za kutali, osati kuwerenga. Mafilimu ambiri anataya tanthauzo limeneli n'kusandutsa nkhaniyi ukazitape wa m'mutu. Sense8 inabwerera ku tanthauzo lakale. Anthu ake 8 sabera anzawo maganizo. Amamva kuzizira kumene wina akumva, kukoma kwa chimene wina akudya, mantha, chilakolako, chisoni. Kusiyana kumeneku ndi kumene kwanyamula sewero lonse, chifukwa wowerenga maganizo amakhala pamwamba pa mnzake, pomwe womva ululu wa mnzake wagwa naye m'dzenje limodzi.

Malamulo a kulumikizanaku

Nkhani imayambira m'tchalitchi chogumuka ku Chicago. Mkazi wotchedwa Angelica, yemwe anamusewera Daryl Hannah, akubuula pamatiresi akutha ngati ali pa ululu wobereka. Akuberekadi, koma osati khanda. Akudzutsa kulumikizana kwa anthu 8 akuluakulu omwe ali m'mayiko osiyanasiyana, kenako adziwombera kuti omusaka asawapeze kudzera mwa iye. Onse 8 amuona m'masomphenya, aliyense kumene ali, ndipo kuyambira tsikulo zinthu ziyamba kusokonekera. Wina akumva nyimbo ya phokoso m'chipinda choyandikana chomwe mulibe munthu. Wina akumva mvula kunja kuli dzuwa. Wina akudziyang'ana pagalasi n'kuona nkhope ya mlendo.

Pang'onopang'ono tiphunzira kuti onse anabadwa tsiku limodzi, 8 August, ndipo anakoka mpweya woyamba nthawi yofanana. Gulu la obadwa limodzi chotere sewerolo limalitcha cluster, ndipo m'gulumo muli zinthu ziwiri zimene angachite. Choyamba ndi kuchezerana. Kala ali ku Mumbai angapezeke atakhala pambali pa Wolfgang ku Berlin, akucheza naye, akumukhudza, koma thupi lake lenileni lili ku Mumbai komweko ndipo anthu a ku Berlin sakumuona. Akungoona Wolfgang akulankhula yekha ngati wazungulira mutu. Pali malo ena m'sizoni yoyamba pomwe awiriwa akucheza, Wolfgang atakhala panja mvula ikumuvumba ku Berlin, Kala ali padzuwa lotentha ku Mumbai. Kamera imangosinthasintha: apa onse anyowa, apa onse akuothera dzuwa, koma nkhani yawo ndi imodzi yosadukiza. Palibe amene waima kuti atifotokozere malamulo, koma pofika kumapeto kwa macheza amenewo tawamva.

Chachiwiri ndi kubwerekana, zija za Capheus ndi Sun. Luso, chilankhulo ndi chidziwitso cha mmodzi zimatha kugwira ntchito m'thupi la wina. Paja amati mlendo ndiye amabwera ndi kalumo kakuthwa, ndipo muno mlendoyo amalowa mpaka m'manja mwako. Kubwerekanaku sikusankha zabwino zokha. Tsiku lina Lito, katswiri wa mafilimu ku Mexico City yemwe amasewera ngati chiphona chosaopa kanthu, adzuka m'mimba mukupota, akungolira popanda chifukwa, akukalipira anthu pamsewu. Sakudziwa kuti ku Seoul, Sun ali kumwezi. N'zoseketsa, koma zikuonetsanso mfundo yeniyeni ya sewerolo. Akuluakulu amati chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Kwa anthu awa mawa kulibe, chaona mnzako chili pa iwe lero lomwe.

Pali lamulo lachitatu, lomwe ndi khomo la zoopsa zonse. Anthu a mtundu umenewu alipo ambiri padziko, m'magulu osiyanasiyana, ndipo awiri a magulu osiyana akangoyang'anana m'maso kamodzi alumikizana mpaka kalekale. Sangabwerekane matupi monga a gulu limodzi, koma angachezerane, ndipo wina akhoza kuona kumene mnzake ali. Umu ndi mmene Jonas, munthu wa mtundu womwewu koma wa gulu lina, yemwe anamusewera Naveen Andrews, amawaphunzitsira za chimene iwo ali. Umu ndi mmenenso mdani wawo amawasakira.

Anthu 8 aja

Njira yabwino yowamvetsa si kuwandandalika koma kuona chimene aliyense ali nacho chambiri ndi chimene akusowa. Sun ndi mwana wa mwini kampani yaikulu ku Seoul, wophunzira bwino za chuma, wodziwa nkhonya koopsa, koma bambo ake amangoona mwana wamwamuna. Mchimwene wake ataba ndalama za kampani, iye avomera mlandu n'kupita kundende chifukwa analonjeza mayi ake akumwalira kuti adzasamala banja. Angathe kuthyola munthu nthiti koma sangathe kunena chimene chikumupweteka. Lito ndi wosiyana naye kotheratu. Kulankhula ndi kunama ndiye ntchito yake, ndipo bodza lalikulu ndi moyo wake womwe: amakondana ndi mwamuna mnzake, Hernando, mobisa, poopa kuti zikadziwika ntchito yatha. Wolfgang wa ku Berlin ndi wakuba wothyola mabokosi achitsulo osungira chuma, anakulira m'banja la zigawenga ndi bambo wankhanza, saopa imfa, koma kunama kumamukanika ngakhale mfuti ili pamphumi. Ndiye pali tsiku limene Lito amunamira Wolfgang kwa msuweni wake wofuna kumupha, ndipo pambuyo pake Wolfgang amumenyera Lito ndewu imene yekha sakanaitha. Ngongole yabwezedwa, aliyense ndi ndalama ya mtundu wake.

Will Gorski ndi wapolisi ku Chicago. Riley ndi DJ wa ku Iceland amene anathawira ku London atataya mwamuna wake ndi khanda pangozi ya galimoto m'mapiri a chipale chofewa. Kala Dandekar ndi katswiri wa zamankhwala, wopembedza mulungu wa Chihindu Ganesha ndi mtima wonse, ndipo akukwatiwa ndi Rajan, mwamuna wabwino, wolemera, wokondedwa ndi makolo ake, amene vuto lake ndi limodzi lokha: Kala samukonda. Nomi Marks wa ku San Francisco ndi katswiri wolowa m'makompyuta a eni ake. Anabadwa ndi thupi lachimuna koma ndi mkazi, ndipo mayi ake amakana zimenezi, amangomuitana ndi dzina lakale.

Nkhani ya Nomi ndi imene imatsegula chiwembu. Atagwa panjinga yamoto n'kugonekedwa m'chipatala, dokotala anena kuti ubongo wake uli ndi vuto, mbali ziwiri zakutsogolo zikumatana, ndipo afunika opaleshoni. Zoona zake n'zakuti opaleshoniyo ndi yomupha maganizo. Am'tsekera, am'manga ndi unyolo pabedi, mayi ake avomereza. Bwenzi lake Amanita ayatsa moto m'chipatalamo kuti achedwetse zinthu, ndipo Will, ali ku Chicago, alowa m'manja mwa Nomi n'kumasula unyolo ndi kasingano. Apa sewerolo likunena zinthu ziwiri nthawi imodzi, za mtundu wopeka wa anthu osakidwa, komanso za anthu enieni amene abale ndi madokotala anawauzapo kuti mmene alili ndi matenda.

Osakawo ndi bungwe lotchedwa Biologic Preservation Organization, mwachidule BPO, ndipo mlenje wawo wamkulu amadziwika kuti Whispers. Iye mwini ndi wa mtundu womwewo, n'chifukwa chake kumuyang'ana m'maso ndi tsoka. Kumapeto kwa sizoni yoyamba, ku Iceland, Will apita kukapulumutsa Riley m'manja mwa BPO ndipo mwangozi maso ake akumana ndi a Whispers. Kuyambira pamenepo chilichonse chimene Will akuona mdani akuchionanso. Akuthawa pa ambulansi, helikopita ya Whispers itsekereza msewu, ndipo Whispers sakutekeseka chifukwa akumudziwa Will: wapolisi uyu sangagunditse galimoto dala muli munthu amene amamukonda. Akunena zoona. Koma chiwongolero achitenga Wolfgang, amene angathedi, ndipo helikopita ithawa. Ndimaona kuti apa ndi pomwe olemba anagwiritsa ntchito mfundo yawo mwanzeru kuposa pena paliponse, chifukwa chobwerekedwa si luso la manja koma khalidwe. Pambuyo pake Will azidzibaya mankhwala ogonetsa kuti Whispers asaone kanthu, ndipo m'sizoni yachiwiri mubwera mapiritsi otseka kulumikizanaku kwa kanthawi. Munthu akawamwa amakhala yekha m'mutu mwake, monga tonsefe tilili, ndipo sewerolo limaonetsa zimenezo ngati umasiye.

Za sayansi: zenizeni ndi zopeka

Sewerolo limatcha anthu awa Homo sensorium, mtundu wina wa anthu wokhala pakati pa Homo sapiens mosadziwika, ndipo limati amalumikizana kudzera mu psycellium, dzina lopekedwa potengera timizu ta bowa toyanga pansi pa nthaka. Zonsezi n'zopeka, pamodzi ndi matenda a ubongo amene Nomi anauzidwa. Mpaka lero palibe kafukufuku amene anasonyeza, m'njira yoti ena n'kubwereza n'kupeza zomwezo, kuti ubongo wa munthu ungatumize uthenga ku ubongo wina popanda mawu, maso, kukhudza kapena chipangizo.

Osati kuti anthu sanayese. M'zaka za m'ma 1930, J. B. Rhine wa pa Duke University ku America ankagwiritsa ntchito makadi 25 okhala ndi zizindikiro zisanu: bwalo, mtanda, mafunde, bokosi ndi nyenyezi. Wina ayang'ana khadi, wina anene chimene chili pamenepo. Wongolota amayembekezeka kulondola makadi 5 pa 25, ndipo Rhine ananena kuti ena ankaposa pamenepo. Koma ofufuza ena atabwereza mosamala, kutseka mipata yonse yoti munthu n'kuonera kapena kumva kanthu, zodabwitsazo zinazimiririka. Nkhani yosangalatsa kwambiri ndi ya Hans Berger wa ku Germany. Ali mnyamata ku usilikali anagwa pahatchi kutsogolo kwa ngolo yokoka mzinga, n'kupulumuka mwamwayi. Tsiku lomwelo mlongo wake, ali kutali, anagwidwa ndi mantha mpaka anakakamiza bambo awo kutumiza telegalamu yofunsa za moyo wake. Berger anakhulupirira kuti mantha ake anafika kwa mlongo wakeyo, ndipo anathera zaka zambiri akufufuza mphamvu imene inanyamula uthengawo. Sanaipeze. Chimene anapeza mu 1924 ku Jena ndi njira yojambulira magetsi a mu ubongo wa munthu, EEG, imene zipatala zikugwiritsabe ntchito poyeza matenda ngati khunyu.

Chimene sayansi yapezadi n'chocheperapo koma chili pafupi ndi mtima wa Sense8 kuposa makadi a Rhine. M'zaka za m'ma 1990 gulu la Giacomo Rizzolatti ku Parma, ku Italy, linapeza kuti mu ubongo wa anyani muli maselo amene amagwira ntchito nyani akatola chinthu, komanso akangoona wina akutola. Mu 2004 Tania Singer ndi anzake ku London anayeza mabanja 16. Mkazi ali m'makina ojambula ubongo, nthawi zina iye ankamva kuwawa kwa magetsi padzanja, nthawi zina ankangoona chizindikiro chakuti amene akumva kuwawa ndi mwamuna wake. Mbali za ubongo zokhudza kuipa kwa ululu zinkayaka nthawi zonse ziwiri, ngakhale kuti mbali zonena pamene pakuwawa pathupi zinkayaka ululu ukakhala wakewake. Ndiye kumva ululu wa mnzako si mwambi chabe, koma pamafunika maso kapena makutu kuti uthenga ufike, ndipo umafika wosakwana. Ofufuza amatsutsanabe za kukula kwa ntchito ya maselo a ku Parma aja mwa anthu. Kwina, mu 2013 pa University of Washington, Rajesh Rao anavala chisoti cha EEG n'kuganiza zosuntha dzanja, uthenga unadutsa pa intaneti, ndipo chala cha mnzake Andrea Stocco, ali m'nyumba ina, chinadina batani chitakankhidwa ndi chipangizo cha maginito pamutu pake. Chala chimodzi, batani limodzi, makina odzaza chipinda. Mtunda wochoka pamenepo kukafika pa Sun kumenya nkhonya ku Nairobi ndi wautali kwabasi.

Chimene olemba anachita ndi kutenga kachifundo kochepa kamene tili nako n'kukakweza mpaka pamapeto, kenako n'kutembenuza funso. Jonas amanena kuti olumala si iwo koma anthu wamba, amene anataya mphamvu yomva anzawo, ndipo kutayako n'kumene kunawapangitsa kukhala akatswiri opha. Ndi ganizo lokoma kulimva, koma sewero lomwelo limaligwetsa. Whispers ali nayo mphamvuyo ndipo ndiye wankhanza kuposa onse. Anthu 8 athu aja nawonso amapha alonda ndi zigawenga ambirimbiri osatembenuka n'komwe. Chifundo chawo n'chozama koma chili ndi mpanda, chimathera pa a m'gulu ndi okondedwa awo. Sindikudziwa ngati olemba anafuna kuti tione zimenezi, koma zilimo.

Mmene analijambulira

Apa ndi pomwe pali chodabwitsa chenicheni. Anthu amene anapanga The Matrix akanatha kujambula zonse m'nyumba imodzi n'kuika mizinda kumbuyo ndi kompyuta. Anakana. Sizoni yoyamba anaijambula m'mizinda 9 ya m'mayiko 8: Chicago, San Francisco, London, Berlin, Reykjavík, Seoul, Mumbai, Nairobi ndi Mexico City. Yachiwiri inafika m'mizinda 16 ya m'mayiko 11, kuphatikizapo Amsterdam ndi São Paulo, komwe anajambula pakati pa chikhamu chenicheni cha perete wa Pride, wokondwerera ufulu wa anthu monga Lito ndi Nomi, mu 2016.

Ganizirani tanthauzo lake pa macheza a mvula ndi dzuwa aja. Tina Desai ndi Max Riemelt, amene anasewera Kala ndi Wolfgang, anayenera kusewera macheza onsewo ku Berlin, kenako patapita nthawi n'kuwasewereranso ku Mumbai, mawu omwewo, kapumidwe komweko, kuti odula zithunzi adzathe kulumpha pakati pa chiganizo osaoneka msoko. Munthu akamaoneka mwadzidzidzi pambali pa mnzake, kawirikawiri si kompyuta. Wosewerayo anabisala kumbuyo kwa kamera kapena ananyonyomala pansi, kamera ikatembenuka iye n'kuimirira. Pa ndewu, wina amalowa pomwe mnzake watulukira mkati mwa kuzungulira kwa kamera. N'chifukwa chake sanajambule gawo ndi gawo monga masewero ena, koma mzinda ndi mzinda, ndipo otsogolera kujambula anagawana mizinda osati zigawo. Tom Tykwer anatenga Berlin ndi Nairobi, James McTeigue Mexico City ndi Mumbai, Dan Glass Seoul, ndipo a Wachowski mizinda yotsalayo. Woyang'anira makamera anali John Toll, amene anapatapo mphoto ya Oscar kawiri. Kuti sewero lonena za kukhalapo pamene mnzako ali lioneke loona, osewera anayenera kupitadi kumeneko ndi matupi awo, pandege, mobwerezabwereza. Zimaoneka. Kuwala kwa ku Iceland si kwa ku Mumbai, ndipo thukuta la ku Nairobi ndi thukuta.

Kusiyana kwa anthu: pomwe anakhoza ndi pomwe anaterereka

Sense8 inatamandidwa kwambiri chifukwa cha mitundu ya anthu amene inaika patsogolo, ndipo mu 2016 inalandira mphoto ya GLAAD, bungwe la ku America loona mmene anthu monga Nomi ndi Lito amaonetsedwera pa kanema. Nomi anamusewera Jamie Clayton, amene moyo wake ndi wofanana ndi wa Nomi pankhani imeneyi, ndipo Lana ndi Lilly Wachowski nawonso anadutsa njira yomweyo. N'chifukwa chake nkhani ya Nomi ili ndi tinthu ting'onoting'ono toti wongomva sangatipeke. Ya Lito nayonso ili ndi mnofu.

Koma tikachoka pa zimene olemba ankazidziwa ndi khungu lawo, zinthu zimayamba kuonda. Mkazi wa ku Korea ndi wa nkhonya ndi ulemu wa banja. Wa ku India ndi wa ukwati waukulu, kuvina ndi kachisi. Wa ku Africa ndi wa umphawi, Edzi ndi zigawenga za zikwanje. Chilichonse mwa izi chilipo padziko, koma n'zomwezo zimene mlendo woti sanafikeko akanalota atafunsidwa. Nairobi ili ndi mayunivesite, mabanki ndi makampani a zamakono, ndipo m'sizoni yoyamba timaona kwambiri dera la anthu osauka la Kibera ndi nyumba ya mbava yolemera. Sizoni yachiwiri inayesa kukonza: Capheus akumana ndi mtolankhani Zakia, yemwe anamusewera Mumbi Maina wa ku Kenya, ndipo alowa ndale atakwiya ndi kukwera mtengo kwa madzi. Komabe Capheus mwiniyo sanamusewere Mkenya. Poyamba anali Aml Ameen wa ku Britain, kenako Toby Onwumere wa ku America wochokera ku banja la ku Nigeria, pomwe Akenya monga Paul Ogola anapatsidwa malo a anzake ndi abale.

Chimene chimandivuta kwambiri ndi chilankhulo. Aliyense amalankhula Chingerezi, ngakhale Sun ndi bambo ake ali awiriwiri ku Seoul. Olemba amafuna tizitenge kuti akulankhula zilankhulo zawo ndipo ife tikumva ngati a m'gulu, ndipo pali kamphindi kokoma pomwe Capheus ndi Sun adabwana, wina kuti mnzake akumva Chiswahili, wina Chikoreya. Chifukwa chake n'chomveka. Koma sewero lofuna kutiuza kuti anthu osiyana kotheratu angamvane linayamba lachotsa kusiyana kumene kumavutitsa anthu kwambiri. Kumvana kumakhala kosavuta ngati nonse mukuganiza m'chilankhulo cha olemba.

Ndinenenso kuti si sewero loonera ndi ana kapena apongozi. Muli zachiwawa, ndipo muli malo angapo pomwe chilakolako cha mmodzi chimakoka onse n'kukhala chigulu, osasiyanitsa mwamuna kapena mkazi. Ena zinawakhumudwitsa, ena n'zimene ankalikondera. Mwa malamulo a nkhaniyo n'zosapeweka, chifukwa ngati msambo ndi mantha zimawoloka nyanja, chilakolako sichingatsale. Ndipo limayenda pang'onopang'ono. Zigawo zoyambirira zinatopetsa olemba ndemanga ambiri, popeza nkhani 8 zikuyamba nthawi imodzi ndipo palibe imene ikuthamanga. Ambiri amene analikonda amati linawagwira pa gawo lachinayi, pomwe onse 8 aimba nyimbo imodzi ya gulu loimba la 4 Non Blondes, aliyense kumene ali, asanadziwane bwinobwino. Ine linandigwira pa gawo la 10. Bambo a Riley akuimba piyano ku holo ya Harpa ku Reykjavík, nyimbo ya Beethoven, ndipo onse 8 akhala m'holomo, mmodzimmodzi akukumbukira kubadwa kwake, amayi 8 akubereka m'malo 8. Kwa mphindi zingapo palibe amene akulankhula, ndipo vuto la Chingerezi lija palibenso.

Kutha kwake

Kukwera ndege ndi gulu lonse la ojambula sikutchipa. Malipoti a nthawiyo ankati gawo limodzi la sizoni yoyamba linkadya madola pafupifupi 4.5 miliyoni, ndipo la sizoni yachiwiri pafupifupi 9 miliyoni. Straczynski ananenapo kuti nkhaniyo anaikonzera masizoni asanu. Lilly sanagwire nawo sizoni yachiwiri, Lana ndiye anaisenza. Gawo lapadera la Khirisimasi linatuluka pa 23 December 2016, zigawo zina 10 pa 5 May 2017, ndipo pa 1 June 2017, mwezi usanathe n'komwe, Netflix inalengeza kuti basi. Ted Sarandos, mkulu woona za masewero pakampaniyo nthawi imeneyo, anafotokoza kuti oonera anali okonda kwambiri koma osachuluka mokwanira kulipira chinthu chodula chotere. Choipa n'chakuti sizoniyo inathera pakati pa moto, Wolfgang ali m'manja mwa BPO akuzunzidwa, anzake akutuluka magazi limodzi naye.

Oonera sanakhale chete. Analemba makalata, anaimba mafoni, anasainira zikalata pa intaneti anthu mazanamazana a masauzande, ndipo a ku Brazil ndiwo anali ndi phokoso lalikulu. Netflix inayamba yanena kuti yaganizira koma sizitheka. Pa 29 June 2017 inasintha, n'kulola gawo limodzi lotsekera. Lana analilemba pamodzi ndi olemba mabuku David Mitchell ndi Aleksandar Hemon, ndipo linatuluka lotalika maola awiri ndi theka, mutu wake wa Chilatini, Amor Vincit Omnia, kutanthauza kuti chikondi chimagonjetsa zonse. Likuoneka kuti ndi nkhani ya masizoni atatu yopanikizidwa m'thumba limodzi. Adani amene anatisautsa zaka zitatu athera mu mphindi zochepa pafupi ndi Naples, mafunso ambiri okhudza chiyambi cha BPO ayankhidwa mothamanga, ndipo nthawi yotsalayo aipereka ku ukwati wa Nomi ndi Amanita pa nsanja ya Eiffel Tower ku Paris.

Ngakhale pamenepa, ndalama zitawathera kale kamodzi, sanalole kunamiza ndi kompyuta. Makombola okongoletsa kumwamba amene amaphulika paukwatiwo anawaphulitsadi usiku wina mu October 2017, pakati pa Paris, ndipo anthu ambiri okhala pafupi anadzidzimuka ndi phokosolo n'kuyamba kufunsana pa intaneti kuti kwagwanji.